Ulendo wa kuphiri: tipite Dzalanyama, Nkhoma, Dedza kapena Mulanje?

Anzanga, nkhani ya ulendo wa kilabu yathu ya zachilengedwe yafika povuta. Tonse tikufuna kupita kuphiri, koma phiri lake liti? Ena akuti Mulanje basi, kupanda apo sasonkha. Ena akuti Dedza. Ena akangomva za Dzalanyama akuseka, eti ndi pakhomo pomwepa, kochokera makala. Pamene tikukangana chonchi masiku akutha. Kumudzi ndalama zimaoneka nthawi yokolola, soya, mtedza ndi fodya zikagulitsidwa. Ikangodutsa nthawi imeneyo, kupempha ndalama ya ulendo n'kungodzivuta. Ndiye ndalemba izi kuti tiyerekeze mapiriwa modekha: kuli chiyani kumeneko, ndi kutali bwanji, ndipo n'chiyani chingatidyere ndalama.

Tiyambe tachotsa nkhani ya sinowo

Pali anzathu amene anaona pa foni anthu akutsetsereka pa chipale chofewa, chija timangoti sinowo, atamanga timatabwa titalititali kumapazi. Masewerawa amatchedwa ski. Ndiye akuganiza kuti tikakwera Mulanje mu Juni tikapeza zoterozo. Ayi ndithu, m'Malawi muno mulibe malo a ski.

Komatu si za ku Ulaya kokha. Ku Lesotho, kadziko kozunguliridwa ndi South Africa, kuli malo otchedwa Afriski m'mapiri a Maloti, pamwamba mamita opitirira 3,000. Anthu amatsetsereka kumeneko kuyambira mu Juni mpaka mu Ogasiti. Ku South Africa, m'chigawo cha Eastern Cape, kunamangidwanso malo ena otchedwa Tiffindell m'mbali mwa phiri la Ben Macdhui. Chodabwitsa n'chakuti phiri limeneli ndi lalitali mamita 3,001, pamene nsonga ya Sapitwa ku Mulanje ndi mamita 3,002. Lathu likuposa ndi mita imodzi! Nanga bwanji kwa anzathuwo kumagwa sinowo koma kwathu ayi?

Kuzizira kwa malo kumadalira zinthu ziwiri. Choyamba ndi kukwera. Ukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5. Chachiwiri ndi kutalikirana ndi equator, mzere uja wodula dziko pakati. Mulanje ali pa madigiri pafupifupi 16 kummwera kwa mzerewu, Lesotho pafupifupi 29, pamene Tiffindell wapitirira 30. Kumeneko nthawi yozizira dzuwa limayenda chammunsi, masana amafupika, ndiponso kumawomba mphepo yozizira yochokera kunyanja ya kummwera. Pafupi ndi equator phiri limayenera kutalika kwambiri kuti likhale ndi chipale, ngati Kilimanjaro wa ku Tanzania amene ndi mamita 5,895. Ndipo ngakhale ku Lesotho komweko, sinowo wogwa yekha sakwanira. Amachita kupopera madzi mumpweya wozizira ndi makina kuti asanduke sinowo.

Chomwe chimapezeka pamwamba pa Mulanje mu Juni ndi Julayi ndi chisanu cha usiku. Komabe lamulo la 6.5 lija likutikhudza. Kwathu kuno tili pa mamita pafupifupi 1,100. Ndiye kuti pansonga ya Dedza kumazizira ndi madigiri ngati 7 kuposa pasukulu pano, ndipo pa Sapitwa ngati 12. Osaiwala juzi.

Dzalanyama

Amenewa ndi mapiri athu a pafupi, kummwera chakumadzulo kwa tauni ya Lilongwe, m'malire ndi Mozambique. Kuchokera m'tauni ndi makilomita pafupifupi 60. Nkhalangoyi ndi yotetezedwa kuyambira m'chaka cha 1922. Mtsinje wa Lilongwe umayambira kumeneko n'kudzadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, omwe amamwetsa anthu a m'tauni. Kwa ife Achewa malowa ndi aakulu. Kuli Kaphirintiwa, kumene makolo amati anthu oyamba ndi nyama anatsikira n'kusiya mapazi pathanthwe lisanaume. Kufupi komweko kuli Msinja, kumene kunali kachisi wa Makewana wopempherako mvula.

Oseka za makala aja sakunama, koma ndi chifukwa chakenso choti tipiteko. Matumba amene timawaona panjinga akulowera m'tauni, ambiri ndi mitengo ya mombo ndi tsamba ya m'nkhalango ngati imeneyi. Zinafika poti mu 2015 boma linatumizako asilikali kukalondera. Munthu ukaona ndi maso ako malo odulidwa ndi malo osadulidwa atayandikana, za kukokoloka kwa nthaka sungaziiwalenso pamayeso.

Kuipa kwake: mbali yaikulu ya msewu ndi yafumbi, nthawi ya mvula galimoto imatitimira. Komanso Dzalanyama ndi mtandadza wa mapiri okutidwa ndi mitengo. Wofuna kuima pansonga n'kuona dziko lonse pansi mwina sangakhutire.

Nkhoma

Mapiri otsalawa, onse timayamba talowa m'tauni n'kutenga msewu wa M1 wopita ku Blantyre. Wa ku Nkhoma umapatuka pa Kamphata, ndipo kuchokera m'tauni ndi makilomita pafupifupi 50. Phirili silifika mamita 1,800, koma ndi lamiyala, loima njo. Kukwera ndi kutsika zimatheka tsiku lomwelo, ngakhale chakumapeto pamafuna kugwira ndi manja omwe.

Amene amakonda History apa ndiye pawo. Kale anthu a mfumu Mazengera ankakhala pamwamba pa phirili pothawa nkhondo ya Angoni. Mu 1896 amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa anatsegula mishoni m'tsinde mwake. Lero ndi likulu la Sinodi ya Nkhoma ya CCAP, ndipo pali chipatala chachikulu ndi sukulu ya anamwino. Kwa ofuna unamwino, kungoona malowo kokha n'kolimbikitsa. Kukhala pafupi ndi chipatala ndi mwayinso, wina atati wabinya mwendo.

Dedza

Kuchokera m'tauni ndi makilomita pafupifupi 85, tala yekhayekha. Phirili ndi lalitali mamita 2,198, koma musaope. Boma la Dedza lenilenilo lili kale pamwamba, pa mamita pafupifupi 1,600, ndiye okwera wapansi ndi ngati 600 okha. Njira yake imadutsa m'mitengo ya paini, ndipo kukakhala kopanda nkhungu pamwamba umaona mpaka ku Mozambique.

Chimene chimapambanitsa Dedza ndi Chongoni. M'mapiri a kumeneko muli malo 127 okhala ndi zojambula zakale pamiyala, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo ofunika padziko lonse. Zojambula zofiira ndi za Akafula, amene ena amawatcha Abatwa, omwe ankakhala kuno makolo athu asanafike. Zoyera zambiri ndi za Achewa, ndipo zimakhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Matanthauzo ena si olemba pabolodi ngati pano, eni ake akudziwa. Malo odziwika ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Lamulo lake n'losavuta: osagwira, osathira madzi, osalemba dzina lako ndi khala. Chinthu chimene chakhala zaka mazanamazana chisaonongeke chifukwa cha mwana wa Fomu 2 wofuna kutchuka.

Ku Chongoni komweko kuli koleji ya zankhalango ndi nyama zakutchire, ndipo pa boma pali Dedza Pottery kumene amaumba makapu ndi mbale zadothi. Zonsezi sizingatheke tsiku limodzi. Tiyenera kusankha ziwiri, mwina phiri m'mawa, zojambula masana, ndipo tinyamuke kusanache.

Zomba ndi Mulanje

Zomba ndi makilomita pafupifupi 290 kuchokera m'tauni. Linali likulu la dziko lino mpaka 1975. Galimoto imakwera mpaka pamwamba pa phiri, pomwe pali damu la Mulunguzi, mathithi a Williams ndi dzenje la Chingwe. Ndi kokongola, koma popanda kugona sizingatheke.

Mulanje ndiye mfumu ya onse, palibe akutsutsa. Kuli mkungudza, mtengo wa fuko lathu, umene mwachilengedwe umamera paphiri limeneli pokha. Kuli minda ya tiyi m'tsinde, ndi Dziwe la Nkhalamba chakumtunda kwa Likhubula. Mu 2025 nalonso linalowa m'gulu la UNESCO lija. Koma ndi makilomita opitirira 350 kuchokera m'tauni ya Lilongwe. Tsiku loyamba limathera panjira, lachiwiri kukwera, lachitatu kubwerera, ndipo pamenepo Sapitwa sitinamufike n'komwe. Pamwamba anthu amagona m'tinyumba ngati ta ku Chambe, Lichenya ndi Thuchila, tomwe timalipiridwa. Pamafunikanso wotsogolera njira, chifukwa chiperoni chikabwera nkhungu imatseka ponseponse, moti alendo ena anasochera n'kufera komweko. Tikumbukirenso zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023, pamene madzi, matope ndi miyala zinatsika m'mapiri a kummwera n'kukokolola midzi. Phiri si bwalo la mpira.

Kawerengedwe ka ndalama

Mitengo sindilemba pano chifukwa mafuta amakwera kawirikawiri, mtengo wa lero si wa mwezi wamawa. Koma zodya ndalama ndi zisanu: galimoto, chakudya, pogona, zolipira polowa ndi wotsogolera njira, komanso yapadera yosungira zadzidzidzi.

Chachikulu ndi galimoto. Kuwerengera kuchokera m'tauni, kupita ndi kubwera ku Dedza ndi makilomita 170, pamene ku Mulanje ndi opitirira 700. Kumeneko n'kuwirikiza kanayi, tisanaonjeze usiku uwiri wogona ndi chakudya cha masiku atatu. Pamwamba pake tionjeze mtunda wochoka kuno kudzera mumsewu wa Mchinji mpaka m'tauni. Ulendo wa tsiku limodzi pogona palibe, ndipo kamba aliyense atha kutenga kunyumba.

Chenjezo lina ndi ili. Mwini basi amatchula mtengo wa basi yonse, kaya yadzaza kaya ayi. Tiyerekeze kuti ili ndi mipando 30 koma osonkha ndi 20 okha. Aliyense adzalipira mtengo wake ndi theka pamwamba. Ndiye tigawe ndalamazo kwa amene apereka kale, osati amene anangokweza manja m'kalasi. Tifunse eni magalimoto atatu, aliyense alembe mtengo wake papepala. Safunsa anadya phula. Lole yosatseka ndi yotchipa, koma pa M1 ndi kuika moyo pachiswe, ndipo a hedi sangalole. Ndalama zisungidwe ndi a patironi, msungichuma azilemba m'kope dzina ndi tsiku, wopereka asaine.

Pali chinanso chomwe anyamata ambiri sakuchiganizira. Makolo ambiri salola mwana wamkazi kukagona kutali, ngakhale a madamu atapita nawo. Enanso kwawo ndalama ya masiku atatu siingapezeke, fizi yomwe ikuvuta kale. Tikasankha Mulanje, ndiye kuti tasankhanso amene atsale. Kwa amene alibe ndalama m'manja, kilabu itha kulandira ndowa ya soya kapena mtedza n'kukagulitsa pamodzi tsiku la msika.

Nthawi yabwino ndi zonyamula

Kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo ayi: miyala imaterera, mitsinje imadzaza, ziphaliwali paphiri n'zoopsa. Mu Seputembala ndi Okutobala kumatentha, ndipo utsi wa moto wolusa umatchinga kutali. Nthawi yabwino ndi kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti, yomwenso ndi nthawi imene kumudzi kuli kangachepe. Kwa ife a Fomu 2, tidikire JCE ithe kaye. Kalata ya kwa makolo ituluke msanga, ndipo chilolezo cha a zankhalango chipemphedwe tisananyamuke.

Aliyense atenge juzi, nsapato zotseka osati mapatapata, madzi malita awiri, mbatata yophika kapena chigumu, mtedza wokazinga, kope ndi pensulo, ndi jumbo yoikamo zinyalala. Wodwala mphumu kapena khunyu auze aphunzitsi pasadakhale, palibe cha manyazi. Paphiri timayendera liwiro la amene ali pambuyo, mphunzitsi mmodzi kutsogolo wina kumapeto. Tiwerengane ponyamuka, pansonga ndi pobwerera. Kuthamanga si kufika.

Maganizo anga

Ine ndikuti chaka chino tipite ku Dedza. Ndi phiri lenileni lopitirira mamita 2,000, msewu ndi wabwino, tibwerera tsiku lomwelo, ndipo tiphunzira Geography ndi History pa mtengo umodzi. Ndalama zikapanda kukwana, Nkhoma alipo. Dzalanyama tipiteko ulendo wina wapadera, n'kubwerako ndi maganizo okulitsa nazale yathu ya mitengo. Mulanje tisamutaye. Tikayamba kusunga panopa kuchokera ku dimba la kilabu, pofika Fomu 4 tidzapita tonse, osasiya munthu.

Awa ndi maganizo a munthu mmodzi, ndipo mutu umodzi susenza denga. Amene akutsutsa abwere ku msonkhano wa kilabu Lachitatu tikaweruka, koma abwere ndi masamu ake papepala. Afunsenso kunyumba kuti makolo angakwanitse zingati, chifukwa ndi amene atulutse ndalamazo.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2