Liwiro la mahatchi pakanema: zoona ndi zokometsera

Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Anthu ambiri amene sadafikepo pabwalo la mpikisano wa mahatchi amadziwa za masewerowa kudzera m'mafilimu. Koma kodi mafilimuwa amanenadi zoona?

Ubale wa hatchi ndi kanema ndi wakalekale. M'chaka cha 1878, Eadweard Muybridge adandandalika makamera 12 ku Palo Alto m'dziko la America n'kujambula hatchi ikuthamanga. Zithunzizo zidaonetsa kuti pamakhala kamphindi pomwe miyendo yonse inayi imakhala m'malere, ndipo ntchitoyi idathandiza kutsegula njira ya kanema.

Vuto la opanga mafilimu ndi nthawi. Mpikisano weniweni umatha m'mphindi ziwiri zokha, mahatchi akuthamanga pafupifupi makilomita 60 pa ola. Chimene chimadumphitsa mtima wa woonerera n'chakuti sadziwa yomwe ipambane, ndipo mwina wabetcherapo ndalama zake. Filimu imatenga maola awiri, ndipo ikakhala ya mbiri yakale, yopambana imadziwika kale.

Filimu ya Seabiscuit ya mu 2003, yomwe adatsogolera ndi Gary Ross, idazemba vutoli poika kamera pakati penipeni pa mahatchi. Woonera amamva kugunda kwa ziboda, kupuma kwa wefuwefu ndi kukuwa kwa okwera, zomwe munthu wokhala pampando wa pabwalo sangazimve.

Filimuyi imakamba za hatchi yonyozeka yomwe idasangalatsa anthu a ku America panthawi ya mavuto aakulu a zachuma. Pa 1 Novembala 1938, Seabiscuit idagonjetsa katswiri War Admiral pabwalo la Pimlico ku Baltimore, anthu mamiliyoni akumvera pawailesi.

Tsikulo adaikwera ndi George Woolf chifukwa wokwera wake wa nthawi zonse, Red Pollard, adali atathyoka mwendo. M'filimu, gawo la Woolf adasewera ndi Gary Stevens, katswiri weniweni amene adapambana mpikisano wa Kentucky Derby katatu.

Komabe zokometsera sizidalephere. War Admiral adaionetsa ngati chimphona, pomwe mahatchi awiriwa sadasiyane kwenikweni msinkhu. Naye Tobey Maguire, yemwe adasewera ngati Pollard, m'zithunzi zapafupi amakwera hatchi yopanga yomwe adaikweza pagalimoto.

Filimu ya Secretariat ya mu 2010 idakumana ndi vuto lina. Mu 1973, hatchiyi idathamanga mtunda wa pafupifupi mamita 2,400 m'mphindi ziwiri ndi masekondi 24 pampikisano wa Belmont Stakes, n'kusiya yachiwiri ndi mamita oposa 70. Pamtunda umenewu pampikisanowu, palibe hatchi ina yomwe idafikapo liwiro limeneli.

Pamene palibe kulimbirana, filimu ingautse bwanji mantha? Ojambula adadalira nyimbo ndi nkhope za mwini hatchiyo, Penny Chenery, yemwe gawo lake adasewera ndi Diane Lane.

Palinso mtengo womwe woonera sauona. Hatchi yampikisano imalemera pafupifupi makilogalamu 500 koma miyendo yake ndi yopyapyala, moti ikathyoka fupa kawirikawiri amangoipha. Mu Malichi 2012, kampani ya HBO idaimitsa sewero la pawailesi yakanema la Luck, momwe mudali Dustin Hoffman, mahatchi atatu atafa panthawi yomwe seweroli limakonzedwa.

Choncho mafilimu amatha kumufikitsa munthu pamsana pa hatchi, pomwe tikiti ya pabwalo singamufikitse. Chomwe amalephera ndi nkhawa ya munthu amene sakudziwa mathero. Ofuna kuyeza okha angaone zithunzi zenizeni za mpikisano wa Belmont wa mu 1973, zomwe zimapezeka pa YouTube, kenaka afanizire ndi za m'filimu.