Mmisiri wa Nyenyezi Wopanda Telesikopu

Mu mwezi wa Novembala, mitambo ya mvula ikapatuka usiku, munthu woima pa Mponela nayang'ana kumpoto, m'munsi mwa thambo, amaona nyenyezi zisanu zokhala mokhotakhota. Azungu amazitcha Cassiopeia. Pafupi ndi nyenyezi zimenezi, m'chaka cha 1572, m'masiku a ufumu wa Kalonga, panabuka nyenyezi yachilendo yowala ngati Nthanda, imene inkaoneka ngakhale masana. Thambo likayera, anthu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi akanatha kuiona ndi maso awo.

Kutali ku Denmark, madzulo a pa 11 Novembala chaka chomwecho, nyenyeziyo inaonedwa ndi Tycho Brahe, mwana wa banja lolemekezeka, wobadwa m'chaka cha 1546. Mbale wa bambo ake, amene anamulera, anamutumiza ku Leipzig kukaphunzira zamalamulo, koma mnyamatayo ankazemba usiku kukapenya kumwamba. M'chaka cha 1563 anaona Jupiter ndi Saturn zitayandikana, napeza kuti mabuku akale olosera za nyenyezi anaphonya tsikulo ndi mwezi wathunthu. Kuyambira pamenepo anatsimikiza mtima kuti adzayeza thambo mwatsopano, usiku ndi usiku.

Anthu ophunzira a nthawi imeneyo ankatsatira Aristotle, amene anaphunzitsa kuti kuseri kwa mwezi kulibe chimene chimasintha. Choncho ambiri anati nyenyezi yatsopanoyo inali pafupi, mu mlengalenga momwe muno. Tycho sanachite makani a pakamwa, koma anayeza. Munthu akaimika chala patsogolo pa nkhope, natsinzina diso ili kenaka linalo, chalacho chimaoneka ngati chikusuntha, pamene phiri la kutali silisuntha. Momwemonso, chinthu cha pafupi ngati mwezi chimaoneka chitasuntha pakati pa nyenyezi munthu akachiyang'ana kuchokera malo osiyana. Nyenyezi yachilendoyo sinasunthe konse. Tycho analemba m'buku lake la 1573 kuti inali kutali kupitirira mwezi, ndipo kuti thambo nalonso limasintha.

M'chaka cha 1576 Mfumu Frederick II inamupatsa chilumba cha Hven, kumene anamanga nyumba yopenyera nyenyezi yotchedwa Uraniborg. Zipangizo zake zinali za mkuwa, chitsulo ndi matabwa, zazikulu kuposa munthu, zoyezera kutalikirana kwa nyenyezi. Galasi lokuza zinthu panalibe. Diso lokha ndilo linkagwira ntchito. Mlongo wake Sophia ankamuthandiza. Kwa zaka makumi awiri analemba malo a nyenyezi 777 molondola kuposa onse amene anamutsogolera.

Koma ulemerero umenewu unali ndi misozi yake. Alimi a pa chilumbacho ankaumirizidwa kumugwirira ntchito popanda malipiro, monga mmene thangata anavutitsira makolo m'dziko muno, ndipo anakadandaula kwa mfumu. Frederick atamwalira, mwana wake Christian IV anachepetsa chithandizo, kotero kuti Tycho anachoka pa Hven m'chaka cha 1597, nakafika ku Prague m'chaka cha 1599.

Tycho analakwitsa pa mfundo imodzi yaikulu. Anakana chiphunzitso cha Copernicus chakuti dziko lapansi limazungulira dzuwa, naumirira kuti dziko limangokhala chilili. Komabe miyeso yake inali yoona. Iye atamwalira pa 24 Okutobala 1601, mthandizi wake Johannes Kepler anatenga zolembazo, ndipo m'chaka cha 1609 anaonetsa kuti Mars amazungulira dzuwa m'njira yobulungira ngati dzira. Chaka chomwecho Galileo anayamba kuloza telesikopu kumwamba.

Nyenyezi ya 1572 inazimirira m'chaka cha 1574. Akatswiri a masiku ano akudziwa kuti inali nyenyezi imene inaphulika, ndipo zotsalira zake amaziona ndi makina pamalo pomwe Tycho analemba.