Agogo akayamba kubwebweta mwadzidzidzi, si ukalamba chabe

Mwana akafika pachipatala cha boma cha Machinga ku Liwonde, kapena cha Balaka, akubanika popuma, sayenera kudikira pamzere. Anamwino anaphunzitsidwa kumuzindikira pakhomo pomwe. Njira imeneyi, yotchedwa ETAT, inakhwimira kwathu konkuno, pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, m'manja mwa Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzawo, ndipo bungwe la WHO linaifalitsa kumayiko ena.

Okalamba nawo amafunika diso lotere, chifukwa matenda awo amabisala. Gogo wodwala chibayo akhoza kufika thupi losatentha n'komwe. Chomwe abale aona n'chakuti kuyambira dzulo sakudya, akuyankhula zosamveka, mdzukulu wake wamuiwala. Kumudzi ena anena kale kuti ndi ukalamba, ena akunong'onezana za ufiti. Chonsecho kusokonezeka kwadzidzidzi kotereku kawirikawiri kumakhala ndi gwero lochizika: shuga watsika, matenda a m'chikhodzodzo, mankhwala a BP amuchulukira, kapena madzi atha m'thupi, zomwe sizodabwitsa ndi dzuwa la Okutobala ku Balaka.

Luso lofunikalo silidya ndalama zambiri. Dokotala afunse wodikirira wodwala kuti sabata yatha agogowa ankatha kudziphikira kapena kuyenda okha. Ayeze shuga msanga. Awerenge kabuku ka kuchipatala, afunsenso za mankhwala ogula pagolosale ndi azitsamba, pokumbukira kuti impso zokalamba sizipirira mlingo wa mnyamata. Ndipo ku Machinga, komwe nkhalamba zambiri zimafotokoza ululu wawo m'Chiyao, kusayankha funso la Chichewa sikutanthauza kuti mutu wasokonezeka. Mwinanso makutu ndi amene anagontha.

Ophunzitsidwa lusoli akhale ndani? M'zipatala za m'maboma, wodwala amayamba kuonedwa ndi ma clinical officer, ma medical assistant ndi anamwino, ena mwa iwo ochokera ku Malawi College of Health Sciences. Maphunzirowa akathera kwa madokotala a ku yunivesite ya KUHeS okha, adzafika ku Liwonde mochedwa.

Dziko lino lili ndi lamulo loteteza okalamba kuyambira 2024, lomwe bungwe loona za okalamba la MANEPO linalimenyera nkhondo kwa zaka. Koma gogo wothyoka fupa la m'chiuno, amene akudikira ambulansi yopita kuchipatala cha Zomba Central, akufunika munthu wodziwa kumuchepetsera ululu, kumumwetsa madzi ndi kumutembenuza pafupipafupi kuti asatuluke zilonda zapamsana.