Kodi mumadziwa? Zomwe ofufuza apeza pa mapulogalamu othana ndi ulova

Tikamva pa wayilesi kuti achinyamata amaliza maphunziro a ntchito zamanja ndipo ambiri alembedwa ntchito, timaomba m'manja. Ofufuza amayamba afunsa kaye: akanapanda kuphunzira, ndi angati akanaipezabe ntchitoyo?

• Kodi mumadziwa kuti yankho lake limapezeka pochita maere? Mwa ofunsira onse, ena amalowa pulogalamu, ena amatsala, ndipo pakapita nthawi magulu awiriwo amayerekezedwa. Esther Duflo, Abhijit Banerjee ndi Michael Kremer analandira mphoto ya Nobel mu 2019 chifukwa chogwiritsa ntchito njira imeneyi pofufuza zothetsera umphawi.

• Kodi mumadziwa kuti setifiketi payokha sitsegula makomo ambiri? Mu 2017, David McKenzie wa ku World Bank anasanthula kafukufuku wa m'maiko omwe akukwera kumene. Anapeza kuti pa anthu 100 opatsidwa maphunziro a ntchito zamanja, omwe amapeza ntchito chifukwa cha maphunzirowo sakwana atatu.

• Kodi mumadziwa kuti kuweruza msanga kumasocheretsa? David Card, Jochen Kluve ndi Andrea Weber anasonkhanitsa kafukufuku woposa 200. Lipoti lawo la mu 2018 likuti chaka choyamba phindu limakhala ngati palibe, koma limayamba kuoneka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, makamaka pa maphunziro a luso.

• Kodi mumadziwa kuti phindu lina limazilala? Mu 2008, boma la Uganda linapatsa magulu a achinyamata a kumpoto kwa dzikolo mpamba wa pafupifupi madola 380 munthu aliyense, woti aphunzirire ukalipentala, utelala ndi zina zotero komanso agulire zipangizo. Patatha zaka zinayi ankapeza ndalama zochuluka ndi 38 peresenti kuposa anzawo omwe maere sanawagwere. Patatha zaka 9, anzawo aja anali atawapeza.

• Kodi mumadziwa kuti kuthandiza mmodzi kutha kukankhira mnzake kumbuyo? Ku France, achinyamata ophunzira omwe anathandizidwa kusaka ntchito anaipezadi msanga, koma ambiri mwa malo omwe analowawo akanatengedwa ndi malova anzawo. Mzere unangosintha oyima kutsogolo.

• Kodi mumadziwa kuti pepala limodzi litha kuchita zazikulu? Ku South Africa, ofunsira ntchito omwe anaphatikiza kalata ya umboni yochokera kwa bwana wawo wakale ankayankhidwa kwambiri ndi pafupifupi 60 peresenti kuposa omwe analibe kalatayo, ndipo amayi ndiwo anapindula koposa.

• Kodi mumadziwa kuti kuno kwathu ku Malawi nako kunafufuzidwa? Kafukufuku wa mu 2013 pa achinyamata ophunzira ntchito kwa amisiri kudzera ku TEVETA anapeza kuti luso linakula, koma ntchito ndi ndalama sizinasinthe msanga, ndipo atsikana ambiri anasiyira panjira. Wina wa mu 2017 sanapeze umboni woti ntchito za MASAF zinawonjezera chakudya m'mabanja a ogwira ntchitozo.

Choncho mukadzamva kuti pulogalamu yakutiyakuti yapezetsa ntchito anthu masauzande, dzafunseni zitatu: ayerekeza ndi ayani, ayeza patapita nthawi yaitali bwanji, ndipo ntchito imodzi yadya ndalama zingati?