Mfuti za m'Magazini Akale a ku America

Ku America kuli anthu amene amadula masamba a m'magazini akale n'kuwapachika pakhoma m'mafulemu. Masambawo ndi otsatsa mfuti. Pena pali bambo ndi mwana wake akutsika phiri m'bandakucha, galu patsogolo, mfuti ya Winchester paphewa. Pena pali kamnyamata pa Khirisimasi, katakumbatira kamfuti ka ana ka Daisy Red Ryder, komwe kanayamba kugulitsidwa mu 1940. Zithunzi zina anajambula ndi akatswiri ngati Philip R. Goodwin, ndipo n'zokongoladi. Woziona amakumbuka agogo ake, msasa wa alenje, ndi masiku amene mfuti inkakhala kuseri kwa chitseko popanda woidabwa.

Chikumbukiro chimenechi n'chomveka, koma chimasankha masamba. M'magazini omwewo munalinso zina.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kampani ya Iver Johnson inajambula kamtsikana kali pabedi, chidole pambali, mfuti m'manja, pofuna kutsimikizira makolo kuti mfutiyo singalire mwangozi. M'ma 1920, opanga mfuti ya Thompson, ija yolavula zipolopolo mosalekeza, anaonetsa mweta ng'ombe ali pakhonde pake akuombera achifwamba. Amene anaitchukitsa mfutiyo ndi zigawenga za ku Chicago, ndipo mu 1934 boma linaika msonkho wa madola 200 pa mfuti zamtunduwu.

Kugula mfuti wamba kunali kosavuta ngati kuitanitsa nsapato. Munthu ankadula kakuponi, kulemba dzina, kutumiza ndalama, mfuti n'kumupeza ku positi ofesi. Mu Malichi 1963, Lee Harvey Oswald anachita zomwezo. Anadula kuponi m'magazini ya American Rifleman, analemba dzina labodza, naitanitsa mfuti ya Carcano ya madola 19.95 kusitolo ya Klein's ku Chicago. Pa 22 Novembala chaka chomwecho, mfutiyo inapha Pulezidenti John F. Kennedy ku Dallas. Panadutsabe zaka zisanu, Martin Luther King ndi Robert Kennedy n'kuphedwanso, lamulo la 1968 lisanatseke malonda a mfuti a papositi.

M'kupita kwa zaka, ulenje unayamba kuzilala ndipo mantha anakula. Bungwe la Pew linapeza mu 2013 kuti eni mfuti 48 mwa 100 alionse ankaisunga podziteteza, 32 okha posakira nyama. Mu 1999 zinali zotembenuka: 49 ulenje, 26 chitetezo. Otsatsa nawo anatsata mphepo. Galu ndi phiri zinachoka, m'malo mwake munalowa mfuti zakuda zooneka ngati za asilikali. Kampani ya Bushmaster inafika pouza amuna kuti kukhala ndi mfuti yake ndiko kutenganso chiphaso cha umuna.

Mfuti ya Bushmaster ndi imene inagwiritsidwa ntchito pa 14 Disembala 2012 pasukulu ya Sandy Hook ku Connecticut, pomwe panafa ana 20 ndi akuluakulu 6. Mabanja ena ofedwa anasumira Remington, omwe panthawiyo anali eni ake a Bushmaster, ndipo mlandu unagona pa katsatsidwe ka mfutiyo, kuti kankakopa anyamata osakhazikika maganizo. Mu 2022 anagwirizana za madola 73 miliyoni. Mabanjawo anaumiriranso chinthu china, ndipo anachipeza: chilolezo chotulutsa poyera zikalata za m'kati mwa kampani, kuti anthu adziwerengere okha mmene malondawo ankakonzedwera.