Kodi mumadziwa? Za laputopu musanatulutse ndalama

Kodi mumadziwa kuti kastika ka Core i7 kamene kamakhala pafupi ndi kiyibodi nthawi zina sikakuuzani kuti laputopuyo ndi ya liti? Wogulitsa akati "iyi ndi i7, bwana," mufunseni nambala yonse. Pa i7-3520M, 3 woyambayo akutanthauza m'badwo wachitatu, wa mu 2012. Pa i5-8250U, 8 ndi m'badwo wachisanu ndi chitatu, wa mu 2017, ndipo i5 imeneyi imaisiya kutali i7 yokalamba ija. Zimandiwawa kuona mwana wasukulu atapusitsidwa ndi stika, poti ndalamazo kawirikawiri zimakhala za soya kapena fodya amene makolo anakhetsera thukuta chaka chonse.

Nambalayi yakula mphamvu tsopano. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo pa mapurosesa a Intel, Windows 11 imafuna a m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, kupatula ochepa chabe. Laputopu yakale musaitaye: Linux Mint, imene mungaike m'malo mwa Windows, ndi yaulere ndipo imayenda bwino pa makina okalamba.

Kodi mumadziwa kuti laputopu ya kaunjika ikhoza kukhalitsa kuposa yatsopano yotchipa? Mitundu ya ThinkPad, Dell Latitude ndi HP EliteBook inapangidwira maofesi. Makampani akunja amaigwiritsa ntchito zaka zingapo n'kuigulitsa yambiri nthawi imodzi, n'chifukwa chake mtengo umatsika, komanso batire, tchaja ndi sikirini zake sizivuta kupeza. ThinkPad inayamba mu 1992 ndi kampani ya IBM. Lenovo inaitenga mu 2005.

Nanga batire? Kuno kwathu, kumene magetsi amazima osatsanzika, batire ndiye theka la laputopu. Musakhulupirire mawu oti "imakhala maola anayi." Tsegulani Command Prompt, lembani powercfg /batteryreport. Ikupangirani fayilo yosonyeza Design Capacity, mphamvu imene batire linali nayo lili latsopano, ndi Full Charge Capacity, imene latsala nayo lero. Yachiwiriyo ikakhala theka la yoyamba, mtengo wa batire lina uchotsedwe pa mtengo wa laputopu pomwepo. Sizitenga ndi mphindi ziwiri zomwe. Wogulitsa wokana kuti muone, musiyeni ndi katundu wake.

Kodi mumadziwa kuti kuchedwa kwa laputopu nthawi zambiri si matenda a purosesa? Hard disk yakale ili ndi kambale kozungulira, kawirikawiri m'malaputopu maulendo 5,400 pa mphindi. SSD ilibe chozungulira chilichonse, choncho imafulumira ndiponso imapirira mabampu a mu minibasi kapena pa kabaza. RAM ikhale 8GB. 4GB ndi yongoti Windows 11 idzuke. Funsaninso ngati RAM ingawonjezedwe, chifukwa pa malaputopu ena opyapyala inawotchereredwa.

Tchaja zambiri zimalandira magetsi a mavoti 100 mpaka 240, ndiye yochokera ku America imagwira kuno kumene timagwiritsa ntchito 230. Chosintha ndi pulagi yokha. Ya ku Johannesburg imabwera ndi mano ozungulira pamene masoketi athu ndi a mano atatu amakona.

China chimene ambiri amachiiwala ndi BIOS. Yatsani laputopu, lowanimo wogulitsa ali pomwepo. Ikafuna pasiwedi imene iye saidziwa, bwezani ndalama m'thumba, chifukwa pa mitundu ina ya m'maofesi loko ameneyu sachoka ngakhale muike Windows yatsopano.