Masiku Oyamba Ogona ndi Makina a CPAP

Munthu amene amaliza nkonono kwambiri usiku, koma m'mawa nkudzuka ali wotopa, angakhale ndi matenda ochedwa sleep apnea. Pa matendawa, njira ya mpweya pakhosi imatsekeka munthu ali m'tulo, ndipo kupuma kumaima kwa masekondi 10 kapena kuposerapo. Kwa ena zimacitika koposa ka 30 pa ola limodzi. Vutoli likalekeleredwa limakweza BP, limaika munthu pa ngozi ya sitiroko, ndipo oyendetsa magalimoto amaodzera ali pamsewu.

Makina a CPAP anapangidwa ndi Colin Sullivan wa ku Sydney, amene anafalitsa zotsatira zake mu 1981. Makinawa sapereka okosijeni monga ambiri amaganizira. Amangopopa mpweya wa m'cipinda kudzera m'paipi ndi masiki kuti pakhosi pakhale potseguka. Mphamvu ya mpweyawo amaicera ndi dokotala atapima tulo ta wodwalayo.

Masabata oyamba ndiwo ovuta, ndipo ambiri amagwa ulesi panthawiyi. Yambani kuvala masiki masana kwa kanthawi, mwina pomvera wailesi. Batani la ramp limayamba ndi mpweya wocepa kufikira tulo titabwera. Mpweya ukamathawira m'maso musamange malamba molimba, pemphani masiki ina yokukwanani. Mphuno zikamauma, thirani madzi a distilled m'kabotolo konyowetsa mpweya.

Makinawa amafuna magetsi usiku wonse. Amene anaona kuzima kwa magetsi mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, afunse za batire asanagule.